Inki ikusupuka pa pulasitiki wotha kuwola: kodi plasma ndi chiyani?

Wosindikiza wa ku Limbe: Moni nonse pa gulu. Ndili ndi vuto landisowetsa tulo. Kasitomala wanga wina amagulitsa ufa wa soya wa phala, ndipo wandipatsa ntchito yosindikiza dzina lake pa pulasitiki wotha kuwola, uja amalembapo kuti PLA ndi PBAT. Mipukutu anaitanitsa yekha kunja, ine ndimasindikiza kenako n'kumata timatumba. Ndayesa timatumba 500. Inki yauma bwinobwino, koma ukangokanda ndi chikhadabo ikusupuka ngati nkhanambo. Ndinamatapo selotepu n'kukoka, zilembo zonse zinatsalira pa selotepu. Wogulitsa mipukutuyo titamufunsa wangoti nkhani yake ndi ya plasma. Plasma imene ine ndimaidziwa ndi TV. Ndithandizeni abale, mwini katundu akumufuna sabata yamawa.

Admin: Mwachita bwino kubwera nalo achimwene, safunsa anadya phula. Aphunzitsi muli pa laini? Nanga achimwene a ku Joni aja a ku fakitale ya mapaketi?

Mchimwene wa ku Joni: Ndilipo, ndangoweruka kumene. Achimwene a ku Limbe, inki yanu musaitaye, ilibe mlandu. Pa makina amene ndimagwirapo kuno, pepala la pulasitiki lisanakumane ndi inki limayamba ladutsa m'bokosi lina lachitsulo. M'katimo muli chogudubuza chokutidwa ndi labala, ndipo pamwamba pake, kusiya kampata kochepa ngati kukhuthala kwa khobidi, pali chitsulo chodzadza ndi magetsi amphamvu. Ukasuzumira umaona kuwala kwa pepo kwandanda m'litali monse mwa chogudubuzacho, kukulira ngati njuchi zili pa mng'oma. Ife timangoti corona. Tsiku lina bokosilo linazima ife osadziwa, ntchito ya m'mawa wonse inapita kudzala. Inki inkasupuka ndendende mmene mukufotokozeramu.

Wosindikiza wa ku Limbe: Ndiye corona ndi plasma ndi chinthu chimodzi?

Aphunzitsi a Fizikisi: Ndi ana a mimba imodzi. Ndiyambe ndi dzinali. Ana timawaphunzitsa kuti chinthu chimakhala cholimba, chamadzi kapena champweya: ayisi, madzi, nthunzi. Koma mukapitiriza kuthira mphamvu mu mpweyawo, ma elekitironi amayamba kuthothoka pa tizidutswa take, ndipo mpweya uja umayamba kudutsa magetsi n'kumawala. Plasma ndi imeneyo. Mphezi ndi plasma, dzuwa ndi plasma, ngakhale moto wothobwa m'maso wa anyamata owotcherera zitsulo ku Ndirande ndi plasma. TV yanu ija inatenga dzina chifukwa m'galasi mwake munali timaselo tambirimbiri ta mpweya wa neon ndi xenon tomwe tinkayaka choncho. Amene anapatsa mpweya wotere dzina limeneli ndi Irving Langmuir wa ku America, mu 1928. Corona ya ku Joniyo ndi plasma yopangidwa mu mpweya womwe tikupumawu. Anaiyambitsa ndi Verner Eisby wa ku Denmark mu 1951, ndipo chinamukankha ndi vuto lanu lomweli la inki yokana kugwira pa pulasitiki. Kampani yake, Vetaphone, ikupangabe makinawo mpaka lero ku Kolding.

Mayi wa Chiwaya: Pepani aphunzitsi ndilowererepo. Mukuti aike pulasitiki pa moto ngati wa owotcherera? Ine jumbo ikangokhudza m'mbali mwa chiwaya imakwinyika nthawi yomweyo.

Aphunzitsi a Fizikisi: Funso labwino amayi. Ya owotcherera ndi plasma yotentha, imasungunula ndi chitsulo chomwe. Ya pa pulasitiki ndi yozizira. Mmenemo ma elekitironi okha ndiwo amathamanga ndi mphamvu yoopsa, koma ndi opepuka kwambiri moti sakwanitsa kutenthetsa mpweya wonse. Munaonapo mbaliwali zochokera pa gulainda zikugwera pa mkono wa munthu, iye osapsa? Mbaliwali iliyonse ndi yotentha zedi, koma ndi kakang'ono kosanyamula moto wokwanira. N'chimodzimodzi. Komanso pepala limadutsa mothamanga, silikhalapo ngakhale sekondi imodzi.

Wophunzira za Uinjiniya: Ndiwonjezereko pa zimene zimachitika pa pepalapo. Pulasitiki ndi maunyolo ataliatali a kaboni. Ma elekitironi aja akamenya pamwamba amadula malumikizidwe ena, ndipo pamene padukapo pamalowa okosijeni wa mu mpweya. Ndiye pamwamba pamamera timagulu ta hydroxyl, carbonyl ndi carboxyl, tomwe timakoka madzi ndi inki. Pamakhalanso timabampu tosaoneka ndi maso pomwe inki imagwirira. Zonsezi zimachitika pa ma nanomita ochepa okha apamwamba, pomwe tsitsi la munthu ndi lokhuthala ma nanomita pafupifupi 70,000. M'kati mwa pepala simukhudzidwa.

Aphunzitsi a Fizikisi: Mawu omalizawo muwasunge, tibwereranso. Plasma imasintha khungu lokha la pulasitiki, mnofu umatsala mmene unalili.

Wosindikiza wa ku Limbe: Ndikutsatira. Koma ndidziwa bwanji ngati mipukutu ndili nayoyi inadutsa pa corona kapena ayi? Ndikaiyang'ana ndi yoyera mbee mbali zonse ziwiri.

Mchimwene wa ku Joni: Ndi maso simungaone. Ife tili ndi mapeni apadera, timati ma dyne pen, iliyonse ili ndi nambala yosonyeza mmene pepala limakokera inki: 34, 36, 38, 40, 42, kumapita m'mwamba. Umajambula mzere pa pepala. Mzerewo ukakhala wathunthu kwa masekondi awiri, ndiye kuti pepala lafika pa nambala imeneyo. Ukaduka n'kukhala timadontho, silinafike. PE, pulasitiki wa majumbo wamba, wosadutsa pa corona amakhala cha m'ma 31. Inki ya thinala imafuna pafupifupi 38, ya madzi imafuna kuposa 40. Bwana wathu salola kuyatsa makina tisanalembe nambalayo m'buku.

Aphunzitsi a Fizikisi: Chifukwa chimene inki ya madzi imafunira nambala yokwera n'chakuti madzi amadzikoka okhaokha mwamphamvu, nambala yawo ndi 72. Pamwamba pa chinthu pakakhala posakoka, madziwo amasankha kudziunga n'kukhala kampira. Taganizani mame pa tsamba la koko, mmene amagudubukira osanyowetsa tsamba. PLA amaposako PE pang'ono, koma nayenso ndi wokana madzi. Akatswiri amayeza kona imene dontho lapanga pa pepala. Pa PLA wosakonzedwa imakhala pakati pa madigiri 70 ndi 80, ndipo akamudutsitsa mu plasma ya okosijeni imatha kutsika kufika m'ma 40 kapena 50, dontho litaphwatalala. Ndiye achimwene, ngati peni mulibe, dulani kachidutswa, kaikeni pa tebulo, dontheza madzi ndi kamtengo ka machesi. Chitani mbali zonse ziwiri muyerekeze. Osagwira ndi zala pamene mukuyesapo, mafuta a m'manja amasokoneza.

Mchimwene wa ku Joni: Eya, mbali zonse ziwiri, pamenepo aphunzitsi alasa. Mipukutu yambiri imakonzedwa mbali imodzi yokha. Ena amakulunga mbali yokonzedwayo kunja, ena m'kati, ndipo amalemba pa kapepala ka pa mpukutu.

Wosindikiza wa ku Limbe: Timapepala ta pa mipukutu anyamata anga anang'amba potsitsa katundu. Mawa m'mawa ndiyesa madziwo.

Mlimi wa ku Chigumula: Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma mtima ukundiwawa. Mawu akuti wotha kuwolawa andipweteka. Ndimapanga manyowa a kompositi, ndowe za nkhuku ndi mapesi. Chaka chatha ndinakwirira majumbo atatu olembedwa kuti ndi owola, kufuna kuona ndi maso anga. Nditafukula manyowa patatha miyezi 8, mapesi anali atasanduka dothi lakuda bii, koma majumbo aja ndinawatulutsa athunthu, zilembo zake zikuwerengeka. Imodzi ndinaikamo mazira n'kupita nayo kunyumba. Tsono plasma mukuinenayi, kodi siingathandize kuti zinthuzi ziziwoladi?

Wophunzira za Uinjiniya: Ingathandize bambo. Pamwamba pakayamba kukoka madzi, tizilombo towoletsa zinthu timamatirira mosavuta, ndipo maunyolo apamwamba amakhala aduka kale. Ndiye kuwola kumayamba msanga. Ine ndikuona kuti tsogolo lili pamenepo, jumbo iliyonse izidutsa mu plasma isanatuluke m'fakitale.

Aphunzitsi a Fizikisi: Mwana wanga, theka loyamba wanena zoona, koma pomaliza wathamanga. N'zoona kuti tizilombo timakhazikika bwino pa khungu lonyowa. Koma wanena wekha kuti plasma imafika ma nanomita ochepa. Pepala la ma micron 60 ndi lokhuthala ma nanomita 60,000. Khungu lija likadyedwa, tizilombo timakumana ndi mnofu womwe plasma sinauone n'komwe. Ndipo PLA kuwola kwake sikuyambira pa tizilombo. Madzi amayamba alowa m'kati mwake n'kumadula maunyolo pang'onopang'ono mpaka atafupika moti tizilombo tingawadye. Ntchito imeneyi imafulumira PLA akafewa, ndipo amayamba kufewa pa madigiri 55 mpaka 60. M'dothi lozizira la ku Chigumula adikira zaka.

Wophunzira za Uinjiniya: Ndamva aphunzitsi, koma sindikugonja kwathunthu. Pa zinthu zopyapyala kwambiri, ngati ulusi wa PLA wa m'malabu, khungu ndi gawo lalikulu la chinthucho, ndiye kusintha khungu kuli ndi phindu lenileni. Komanso si onse ali ngati PLA. PHB, pulasitiki wina wotha kuwola amene Maurice Lemoigne anamupeza m'mabakiteriya ku Institut Pasteur m'zaka za m'ma 1920, amadyedwa ndi tizilombo kuyambira pamwamba kulowa m'kati. Kwa iye khungu lili ndi mawu.

Aphunzitsi a Fizikisi: Pamenepo tagwirizana. Chimene ndikukana n'chakuti bambo a ku Chigumula apite akukhulupirira kuti jumbo yodutsa mu plasma idzatha m'dzenje mwawo.

Mlimi wa ku Chigumula: Ndiye amalemberanji kuti ndi zowola?

Mlongo wa ku Leeds: Moni abale, ndatuluka ku ntchito ya usiku. Bambo, kuno mawu amenewa ali ndi muyeso wake, EN 13432. Kuti chinthu chilembedwe kuti n'cha kompositi, magawo 90 pa 100 ayenera kukhala atadyedwa ndi tizilombo m'miyezi 6, ndipo pakatha masabata 12 chiyenera kukhala chitanyenyeka moti chotsala pa sefa ya mamilimita 2 sichikupitirira magawo 10 pa 100. Koma zimenezo amayeza pa madigiri 58, kutentha kwa kompositi ya m'fakitale yomwe imatembenuzidwa ndi makina. Dzenje la pakhomo silisunga kutentha koteroko kwa masabata ambiri. Za dzenje la pakhomo zili ndi chizindikiro china, OK compost HOME cha TÜV Austria. Ndipo zimene munaonazo si inu nokha. Mu 2019 Imogen Napper ndi Richard Thompson a pa University of Plymouth anatulutsa zotsatira za majumbo amene anawakwirira m'dothi ndi kuwamiza m'nyanja kwa zaka zitatu. Olembedwa kuti biodegradable anatuluka akutha kunyamulabe katundu wa m'sitolo. Ya kompositi yokha ndiyo inatha m'nyanja m'miyezi itatu, koma m'dothi inalipobe patatha miyezi 27, ngakhale inali itafooka.

Mlimi wa ku Chigumula: Zikomo achemwali. Ndiye mazira anga aja sanali matsenga.

Mlongo wa ku Leeds: Ayi ndithu. Palinso ena otchedwa oxo, omwe ndi PE wamba wothira mankhwala oti azinyenyeka padzuwa. Amenewo sawola, amangosanduka tizidutswa. Mayiko a European Union anawaletsa kuyambira mu Julayi 2021. N'kutheka kuti anu aja anali amenewo.

Admin: Nkhani ya majumbo imatikhudza tonse. Kumbukirani kuti kwathu kuno malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 anabwera mu 2015, makampani anathamangira kukhothi, mpaka khothi la Supreme linagamula mu Julayi 2019 kuti chiletsocho chigwire ntchito. Mayi Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyi. Ndiye achimwene a ku Limbe, muyezenso kukhuthala kwa pepala lanulo. Koma tisasochere, munthu akufuna inki igwire.

Mayi wa Chiwaya: A Admin ndilolereni kamodzi kokha. Ine mantha anga ndi chakudya. Pulasitiki wamenyedwa ndi magetsi ngati mphezi, kodi satsala ndi magetsiwo kapena poizoni wina? Ufa umenewu adya ndi ana. Ndiponso ine ndimafuna ndisiye majumbo abuluu aja, ndiziika tchipisi mu zowolazi.

Aphunzitsi a Fizikisi: Amayi, plasma imazima pamene mwazimitsa magetsi, ngati nyali. Siisiya nyukiliya kapena mphezi m'pepala. Chotsala ndi okosijeni uja womata pakhungu, ndi kamagetsi kokoka fumbi ngati ka chipeso mukachipaka m'tsitsi. Choti munthu asamale nacho ndi inki, ikhale kunja kwa thumba, osakhudza ufa. Za tchipisi ndiye ndikukuletsani. Mafuta anu amawira pa madigiri oposa 170, ndipo tchipisi chongovuula kumene chimakhala chotentha kuposa 60 pamene PLA amayamba kufewa. N'chifukwa chake makapu a PLA owala ngati galasi amawapangira zakumwa zozizira zokha. Plasma singasinthe zimenezo, chifukwa kufewa ndi nkhani ya mnofu. Thumba la pepala lokhuthala likutumikirani bwino.

Mlongo wa ku Leeds: Amayi ndikulimbitseni mtima. Kuchipatala zinthu zimenezi timaziika m'thupi mwa munthu. Ulusi wosokera mabala wotchedwa Vicryl ndi wa banja lomweli la PLA, ndipo umasungunuka wokha m'thupi pakati pa masiku 56 ndi 70, osafunika kuchotsa. Zida zosapirira kutentha sitingaziike mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi ya madigiri 121, ndiye zina zimatsukidwa m'makina a hydrogen peroxide ndi plasma, monga a STERRAD, pa madigiri pafupifupi 50. Ndipo ofufuza amene akuyesa kumeretsa fupa kapena khungu pa timafelemu ta PLA ndi PCL (pulasitiki winanso wotha kuwola) amayamba atidutsitsa mu plasma ya okosijeni kapena ya ammonia, chifukwa maselo a munthu nawonso amakana kugwira pa pulasitiki wokana madzi. Vuto la maselo ndi la inki ya achimwene ndi limodzi.

Wosindikiza wa ku Limbe: Abale, ndinali kuganiza usiku. Bwanji ndingopanga corona yangayanga? Mnyamata wina wa zamagetsi akuti akhoza kulumikiza thiransifoma ya nyali za neon ndi paipi yachitsulo.

Mchimwene wa ku Joni: Achimwene chonde ayi. Ndikupemphani ngati m'bale wanga. Bokosi lathu limayenda ndi magetsi a ma volt oposa 10,000, ndipo chitseko chake chikangotseguka magetsi amazima okha. Komanso corona imatulutsa ozoni. Ife tili ndi paipi yaikulu yokokera mpweyawo kunja kwa denga. Tsiku lina fani yake inaima, mphindi zochepa zokha tonse tinali kutsokomola, m'maso mukuwawa, mutu ukugunda. Mu shopu yotseka ya ku Limbe mupweteka anyamata anu.

Wophunzira za Uinjiniya: Ndiponso kupitiriza muyeso kumaononga. Pepala likamenyedwa kwambiri, maunyolo apakhungu amaduka n'kukhala tizidutswa tatifupi tosagwirana ndi mnofu. Peni ya dyne imaonetsa nambala yokwera, inu n'kusangalala, koma inki yakhala pa fumbi. Mukakoka selotepu zimachokera limodzi. PLA ndi wosachedwa kupsa mtima pa zimenezi kuposa PE. Makina opanga pakhomo simungawayeze mphamvu.

Mchimwene wa ku Joni: Ena amagwiritsa ntchito lawi la gasi pa mabotolo okhuthala, koma pa pepala lanu lopyapyalalo lingokwinyika. Ngati zavutadi, funsani ogulitsa inki za primer yogwirizana ndi PLA. Mumapaka kaye, ikauma n'kusindikiza. Koma yambani mwayesa madzi aja.

Aphunzitsi a Fizikisi: Pali chinthu china chimene sitinachikhudze, ndipo kwa ife a kuno ndi chachikulu. Ntchito ya plasma imakalamba. Timagulu ta okosijeni tija sitikhala chilili. Maunyolo a pulasitiki amasunthasuntha, ndipo pang'onopang'ono timaguluto timatembenukira m'kati, kunja n'kubweranso khungu lokana madzi. Mankhwala oterera amene amathira m'pepala kuti lisamatane pa mpukutu nawonso amayandama n'kudzakuta pamwamba. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Tsono taganizani mpukutu wokonzedwa ku Asia, wayenda masabata m'kontena pa nyanja, wadikira pa doko la Beira kapena Nacala, wakwera thiraki, kenako wagona m'chipinda cha malata mwezi wa Okutobala. Nambala imene inalembedwa ku fakitale si imene yafika ku Limbe.

Mchimwene wa ku Joni: N'chifukwa chake ife, ngakhale mpukutu ubwere wokonzedwa kale, timaudutsitsanso pa corona yathu pang'ono inki isanagwe. Ndipo mipukutu yakale ndiyo timayamba kugwiritsa ntchito.

Wosindikiza wa ku Limbe: Mipukutuyi yakhala kwa ine miyezi iwiri. Ina ili pansi pa shelefu, iwiri ili pa windo pomwe dzuwa la masana limamenya.

Mlimi wa ku Chigumula: Aphunzitsi, funso lina. Ndinamva kuti PLA amachokera ku chimanga, n'zoona? Ndiye ife a chinangwa ndi nzimbe sitingapange?

Aphunzitsi a Fizikisi: Amachokera ku shuga, bambo. Sitalichi wa chimanga kapena shuga wa nzimbe amamuwiritsa ndi mabakiteriya n'kukhala lactic acid, asidi yemwe uja amawawasitsa chambiko. Kenako amalumikiza asidiyo kukhala maunyolo. Fakitale ya NatureWorks ku Blair, Nebraska, inayamba mu 2002 ndipo imagwiritsa ntchito chimanga. Ya TotalEnergies Corbion ku Rayong, Thailand, imagwiritsa ntchito shuga wa nzimbe ndipo inamangidwa kuti izitulutsa matani 75,000 pa chaka. Nzimbe za ku Nchalo ndi Dwangwa kapena chinangwa cha ku Nkhata Bay zili ndi shuga ndi sitalichi yemweyo. Chovuta ndi fakitale yoyenga asidiyo kuti ayere mokwanira, ndi magetsi osazimazima. PBAT yekha, amene amasakaniza kuti pepala lifewe, amapangidwa kwambiri kuchokera ku mafuta a pansi, ngakhale amawola. BASF inayamba kumugulitsa mu 1998 ndi dzina loti ecoflex.

Wophunzira za Uinjiniya: Achimwene a ku Limbe, kasitomala wanu mumuchenjezenso za chinyezi. PLA ndi PBAT amadutsa nthunzi ya madzi mosavuta kuposa PE. Ufa wa soya ukakhalitsa pa shelefu nthawi ya dzinja ukhoza kuumbika kapena kuchita chuku. Apa ndi pamene plasma ya mtundu wina imagwira ntchito. M'chipinda chopopa mpweya wonse amalowetsamo nthunzi ya mankhwala a silikoni otchedwa HMDSO pamodzi ndi okosijeni, n'kuyatsa plasma. Pa pepala pamayalika kagalasi kopyapyala ka ma nanomita makumi ochepa komwe kamatchinga mpweya ndi chinyezi. Kampani ya KHS ya ku Germany imachita zimenezi m'kati mwa mabotolo a PET, amati Plasmax. Akasintha mpweya n'kuika wa fluorine, pepala limakana madzi kuposa poyamba. Ndiye plasma ikhoza kukokera uku kapena uko, zimatengera mpweya umene mwaidyetsa.

Aphunzitsi a Fizikisi: Zoona, koma zimenezo ndi za fakitale yopanga pepala. Chimene achimwene angachite ndi kuuza mwini ufa ayese timatumba tingapo, atisunge mwezi umodzi pamalo a chinyezi, aone ufa usanapite kumsika.

Wosindikiza wa ku Limbe: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera ndi zotsatira. Ndinadula tizidutswa pa mipukutu yonse 6, n'kutiyala pa galasi. Kunja kwa mpukutu, mbali imene ndakhala ndikusindikiza, dontho linaima njo ngati mkanda, nditapendeketsa galasi linagudubuka osasiya mkwasa. Nditatembenuza kachidutswa, dontho linaphwatalala n'kukula pafupifupi kawiri. Ndinabwereza katatu, anyamata akuonerera. Masiku onsewa ndimasindikiza kumbuyo.

Mchimwene wa ku Joni: Ndinadziwa! Ndiye mbali yokonzedwa inali kulowa m'kati mwa thumba. Kodi timatumba tina sitinkamatuka pa msoko? Pa PE ndinaonapo kuti mbali ziwiri zodutsa pa corona zikakumana sizimatana bwino pa makina otenthetsa.

Wosindikiza wa ku Limbe: Tinkamatukadi tina, ine n'kumakalipira mnyamata wa pa makina omatira. Ndikamupepesa.

Mayi wa Chiwaya: Mumupepesedi achimwene, mumugulirenso tchipisi.

Wosindikiza wa ku Limbe: Ndatembenuza mpukutu pa makina, ndasindikiza timatumba 50. Nditasiya ola limodzi ndinamata selotepu, n'kutsindika ndi chala, n'kukoka mwamphamvu. Selotepu yatuluka yoyera. Ndakanda ndi chikhadabo, zilembo zili nji. Koma mipukutu iwiri ya pa windo ija yandikana. Dontho likuphwatalala pang'ono chabe, ndipo selotepu ikuchotsa m'mbali mwa zilembo.

Mchimwene wa ku Joni: Iwiriyo musafulumire kuitaya. Tambasulani mamita angapo apamwamba, muyesenso m'kati momwe dzuwa silinafike. Ikakanabe, ndiyo muikire primer.

Aphunzitsi a Fizikisi: Ndipo selotepuyo mubwerezenso mawa, inki itagona usiku umodzi. Poitanitsa mipukutu ina, mwini ufa afunse zinthu zitatu zilembedwe: mbali yokonzedwa ndi iti, nambala ya dyne ndi ingati, ndipo anakonza tsiku liti. Asaitanitse yambiri yoti igone miyezi.

Mlimi wa ku Chigumula: Achimwene, timatumba 500 toonongeka tija musatitaye kudzala. Mundipatseko 20. Ndikufuna ndiunjike mulu waukulu wa ndowe za nkhuku wotentha bwino, ndiziutembenuza sabata iliyonse, 10 ndiike pakati pa mulu, 10 ndikwirire m'dothi wamba. Aphunzitsi mundibwereke choyezera kutentha chija cha ku labu.

Aphunzitsi a Fizikisi: Cha ku labu ndi cha sukulu, koma ndili ndi changa chofika madigiri 110, ndikubwerekani. Muzilemba kutentha kwa pakati pa mulu m'mawa uliwonse.

Wosindikiza wa ku Limbe: Bambo, Loweruka ndikudutsa ku Chigumula popita ku Thyolo. Ndikusiyirani pa msika, munditumizire uthenga kumbali tigwirizane nthawi.